Ululu wa kuseri kwa phewa: mafizo kapena jakisoni?

Pakhonde la golosale ina ku Kawale pamakhala telala amene makasitomala ake anazolowera kumuona akuchita zachilendo. Akasoka kwa ola limodzi kapena awiri amaimitsa makina, kudzuka, kupita pangodya ya khoma n'kutsamiritsapo msana, pakati penipeni pa fupa la phewa ndi mzere wa msana. Amakanikiza zolimba maso atatsinzina, kenaka n'kubwerera pampando. Mukamufunsa amati: "Ndi kamalo kamodzi basi. Kamaotcha ngati wina waikapo khala la moto." Panado anamwa, Brufen anamwa, mphini anatemera. Tsopano akuti chatsala ndi jakisoni.

Dandaulo limeneli mulimva kwa akabaza a ku Area 25, kwa amayi osenza madzi ku Chinsapo, kwa amakaniko a ku Biwi ndi kwa osankha mtedza ku Mgona. Kwa ambiri ndi kutopa chabe kwa minofu. Koma kwa ena gwero lake ndi mtsempha wopanikizika, ndipo thandizo lake lalikulu ndi la mitundu iwiri: mafizo ndi jakisoni wogonetsa mtsempha. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa.

Kodi mtsempha ukapanikizika ndiye kuti chachitika n'chiyani?

M'Chichewa mawu akuti mtsempha amasenza zinthu zitatu. Pali mtsempha wa magazi, pali mtsempha wolimba uja wolumikiza mnofu ku fupa, ndiye pali mtsempha wonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Amene tikukamba pano ndi wachitatuyu. Ndiye amauza mnofu kuti ukoke, ndiponso amauza ubongo kuti pakuti papsa kapena palasidwa.

Mitsempha imeneyi imachoka mu msana n'kudutsa m'tinjira topapatiza: pakati pa minofu, pansi pa timinyewa tolimba, m'mphepete mwa mafupa. Kanjirako kakachepa chifukwa mnofu wakungika, pamalopo patupa kapena pamera kachotupa, mtsempha umafinyika ndipo magazi ouchirikiza amachepa. Aliyense amene anagonerapo mkono n'kudzuka uli dzanzi akudziwa chiyambi chake. Kusiyana kwake n'kwakuti dzanzi la tulo limatha pakangopita mphindi zochepa, pomwe apa kufinyikako kumabwerezedwa tsiku ndi tsiku mpaka mtsempha umayamba kutumiza uthenga wa ululu popanda bala, ndipo mnofu umene umaulamulira umafooka.

Ndi mitsempha iti imene imavuta kuseri kwa phewa?

Fupa lophwatalala la kuseri kwa phewa ndi lodabwitsa. Silinamangiriridwe ku nthiti ngati mmene mafupa ena amagwiranira; limayandama pamwamba pa nthiti, ndipo limagwidwa ndi minofu yoposa khumi. Mitsempha inayi ndiyo imatchulidwa kawirikawiri.

Woyamba madokotala amautcha dorsal scapular nerve. Umachokera m'khosi, n'kuboola mnofu wina wa m'mbali mwa khosi, kenaka n'kutsikira m'mphepete mwa fupa la phewa, mbali yoyang'ana ku msana. Ukafinyika m'khosimo ululu umakamvekera kumunsi, pakamalo kamene telala uja amakanikiza kukhoma. N'chifukwa chake kuthowa pamalo popwetekapo kumangotonthoza kwa kanthawi: vuto lili kumtunda.

Wachiwiri ndi suprascapular nerve, umene umadutsa pakampata kakang'ono pamwamba pa fupalo. Umalamulira minofu iwiri yothandiza kukweza mkono ndi kuutembenuzira kunja. Madokotala awiri a ku America, Thompson ndi Kopell, ndiwo anafotokoza kupanikizika kwake mu 1959.

Wachitatu ndi long thoracic nerve, wolamulira mnofu umene umamatiza fupa la phewa ku nthiti. Ukavulala, fupalo limatumphuka ngati phiko la nkhuku munthu akamakankha khoma.

Wachinayi ndi spinal accessory nerve, wodutsa pafupi kwambiri ndi khungu m'mbali mwa khosi. Uwu umatha kuvulala pochotsa mwanabere wa m'khosi kuti akapimidwe, monga zimachitikira pofufuza chifuwa chachikulu. Amene phewa lake linagwa kapena kufooka atachitidwa kaopaleshoni ka pakhosi asaiwale kuwauza adokotala.

Ululu wake umasiyana bwanji ndi kutopa wamba?

Minofu yotopa imaphwanya malo aakulu, ndipo munthu akagona masiku awiri kapena atatu amapezako bwino. Ululu wa mtsempha uli ndi khalidwe lake. Odwala amati umaotcha, umalasa ngati singano, umayenda ngati nyerere, kapena umagwira ngati shoko ya magetsi. Ena amamva kuyabwa kosatha pamalo pamene khungu lili bwinobwino. Nthawi zambiri umakhala mbali imodzi, umakula munthu akakhala nthawi yaitali mutu uli chowerama, ndipo usiku umalepheretsa kugonera mbali imeneyo.

Chizindikiro chachikulu ndi kufooka. Mayi amadabwa kuti ndowa imene ankaitula yekha tsopano akufuna womuthandiza. Makaniko amaona kuti sipanala ikumulemera akaigwira pamwamba pa mutu. Pakapita miyezi mnofu umatha kuphwa, n'kusiya kadzenje kuseri kwa phewa. Mwini wake sangadzione. Vulani malaya, muimirire chofulatira, wa m'nyumba mwanu ayerekeze mapewa awiriwo. Kenaka kankhani khoma ndi manja onse iye akuyang'ana ngati fupa lina likutumphuka.

Nanga chimayambitsa n'chiyani?

Kawirikawiri si ngozi imodzi yaikulu, koma kanthu kakang'ono kobwerezedwa kambirimbiri. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Ukakhala pamwamba pa mapewa khosi siliona vuto. Ukasuzumira kutsogolo tsiku lonse, pa makina osokera, pa lichero la mtedza, pa kompyuta kapena pa foni, minofu ya m'mbali mwa khosi imakungika kuti iugwire, ndipo mtsempha wodutsa m'katimo umafinyidwa.

Katundu naye ali ndi mlandu. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, ndipo mayi amene amapita kumpopi maulendo asanu patsiku, mwana ali kumbuyo, amakhala atasenza makilogalamu 100 dzuwa lisanalowe. Anyamata otsitsa matumba a makilogalamu 50 ku Kanengo amakonda kuwaika phewa limodzi lomwelomwelo. Lamba wa chikwama cholemera amatha kuvulaza mtsempha wa phiko uja, vuto limene linadziwika kalekale pakati pa asilikali oyenda ndi zikwama zakumsana. Wakabaza amagwira mahandulo maola ambiri mapewa atakwera, uku akugwedezeka m'misewu ya maenje. Omanga nyumba, opaka penti ndi osewera volleyball amagwira ntchito mikono ili m'mwamba, ndipo ndiwo amavutika kwambiri ndi suprascapular nerve.

Pali zoyambitsa zinanso: kugwa, ngozi ya njinga yamoto, kuthyoka kwa fupa la phewa, ndi kachotupa ka madzi kochokera molumikizana mafupa a phewa.

Kodi ululu uliwonse wa pamalowa ndi wa mtsempha?

Ayi, ndipo ili ndilo funso lofunika kuposa onse. Kupanikizika kwa mtsempha sikupha munthu, koma matenda ena oopsa amabisala kuseri kwa phewa komweko. Musayambe mafizo kapena kufunafuna jakisoni, thamangirani kuchipatala, ngati ululuwo ukubwera pamodzi ndi izi:

Kuthina pachifuwa, befu, thukuta lozizira, kapena ululu wotsikira ku mkono wamanzere kapena kukwera ku nsagwada. Ungakhale mtima, makamaka kwa odwala shuga ndi BP.

Kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda. Chifuwa chachikulu chimagwira mapapo, komanso chimadya mafupa a msana. Ululu wa msana wosaleka ngakhale mutagona, wokula sabata ndi sabata, ukufunika kupimidwa.

Ululu wolasa popuma mpweya, pamodzi ndi kutentha thupi. Chingakhale chibayo.

Ululu wa kuseri kwa phewa lamanja wobwera mukadya zamafuta, ndi nseru kapena maso achikasu. Imeneyo ingakhale ndulu.

Kupweteka kwa m'mimba, chizungulire ndi ululu wa pansonga ya phewa kwa mayi amene wadumphitsa msambo. Mimba yokhala m'malo olakwika ikaphulika imachita choncho, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika.

Kuotcha kwa mbali imodzi kotsatana ndi timatuza tondandalika. Amenewo ndi mashingozi, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa m'masiku atatu oyamba.

Kufooka kwa miyendo, kupunthwapunthwa, kugwetsa zinthu m'manja, kapena kulephera kugwira mkodzo. Apa ndiye kuti chafinyika ndi chingwe chachikulu cha mu msana.

Kuchipatala amadziwa bwanji, poti X-ray yanga inatuluka bwino?

X-ray imaona mafupa ndi mapapo, siyiona mitsempha ya uthenga. Ikatuluka bwino si ndiye kuti mukunama kapena mwalodzedwa. Yathandiza kuchotsa matenda ena pamndandanda.

Chida chachikulu apa ndi makutu ndi manja a wopima. Adzakufunsani ntchito imene mumagwira, nthawi imene ululu umakula ndi chimene chimautonthoza. Adzatembenuza khosi lanu, chifukwa mafupa a m'khosi akafinya muzu wa mtsempha ululu umatsikiranso pamalo omwewa, ndipo vuto limeneli ndi lofala kuposa kupanikizika kwa mitsempha inayi ija. Adzayesa mphamvu ya mnofu uliwonse poyerekeza mbali ziwiri, n'kukanikiza m'malo amene mtsempha umadutsa.

Pakafunika, sikani ya ultrasound kapena MRI imatha kuonetsa kachotupa kapena mnofu wophwa. Palinso kupima kwa magetsi koyeza liwiro la uthenga mu mtsempha, koma zipangizo zake si za m'zipatala zazing'ono, ndipo odwala ambiri amathandizidwa bwino popanda kupimidwa choncho.

Ine ndimagwira kale ntchito yolemetsa. Mafizo andithandiza chiyani?

Ntchito ndi mafizo n'zosiyana. Ntchito imalimbitsa minofu yomweyomweyo n'kusiya ina itagona. Wonyamula matumba angakhale ndi chifuwa ndi mikono ya mphamvu, koma timinofu togwira fupa la phewa kumbuyo tili tofooka. Minofu ya kutsogolo ikafupika imakokera phewa kutsogolo, fupa lija limasuntha pamalo pake, ndipo mtsempha umakhala wokokeka ngati chingwe choyanikira zovala chimene mtengo wake wapendekeka.

Mafizo amachita zinthu zitatu. Amamasula minofu yothina kuti mtsempha upeze mpata. Amalimbitsa minofu yofooka kuti fupa libwerere pamalo pake ndi kuyenda bwino mkono ukamakwera. Amaphunzitsanso thupi kakhalidwe ndi kanyamulidwe katsopano kuti vutolo lisabwerere. Ndiye chifukwa chake, pokhapokha patakhala chotupa kapena mtsempha utaduka, madokotala amayamba ndi mafizo.

Ndi mafizo ati amene ndingachite kunyumba?

Ndi bwino kuti koyamba akuonetseni wa mafizo, chifukwa mtsempha uliwonse uli ndi zoyenera zake. Koma awa ndi amene amaperekedwa kawirikawiri, ndipo safuna chipangizo chogula.

Kubweza chibwano. Khalani mowongoka, maso kutsogolo, bwezani chibwano kumbuyo osaweramitsa mutu. Werengani mpaka 5, masulani. Bwerezani ka 10.

Kutambasula m'mbali mwa khosi. Khalani pampando, gwirani m'mphepete mwake ndi dzanja la mbali yopwetekayo, kenaka pendeketsani mutu pang'onopang'ono mbali inayo. Khalani choncho masekondi 20 mpaka 30, katatu. Musakoke mutu ndi mphamvu.

Kutsegula chifuwa pakhomo. Imani pakhomo, ikani mikono pa felemu mbali zonse ziwiri, chigongono chili chopinda, n'kuponya phazi limodzi kutsogolo mpaka mutamva kukoka pachifuwa. Masekondi 30, katatu.

Kukumanitsa mapewa kumbuyo. Kokerani mafupa a mapewa kumbuyo ndi pansi pang'ono, ngati mukufuna kupana cholembera pakati pake. Mapewa asakwere kumakutu. Werengani mpaka 5, ka 10.

Kukoka mphira. Mphira wa chubu cha njinga, womwe uja timamangira katundu pa kaliyala, ndi wokwanira. Ukoleni pa chitsulo cha windo, gwirani nsonga zake, kokerani zigongono kumbuyo pang'onopang'ono, n'kubwezanso pang'onopang'ono. Ka 10 mpaka 15, maulendo awiri. Onetsetsani kuti mphirawo ndi wosang'ambika, ungakukwapuleni m'maso.

Kutembenuzira mkono kunja. Panani kansalu kopindidwa pakati pa chigongono ndi nthiti, gwirani mphira, tembenuzirani dzanja kunja chigongono chisakuchoka pathupi.

Kukankha khoma. Ikani manja pakhoma mikono itawongoka, kankhani mpaka kumsana kutatumphuka pang'ono ndi mapewa kutalikirana, kenaka bwererani.

Lamulo lake ndi ili: kumva kukoka kapena kuwawa pang'ono kumene kwatha pofika mawa si vuto. Koma kuotcha, shoko kapena dzanzi lotsikira m'mkono ndi chenjezo loti musiye, mukafunse. Mtsempha wokwiya sufuna kukokedwa mwankhanza.

Zitenga nthawi yaitali bwanji?

Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi. Amachita masiku anayi, osaona kusintha, n'kunena kuti mafizo ndi masewera. Mnofu umafuna masabata 6 mpaka 12 kuti ulimbe mooneka. Mtsempha umene unavulala kwambiri umaphuka pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye kuti masentimita atatu pamwezi. Fupa lotumphuka ngati phiko limatha kutenga chaka, mwina ziwiri, ngakhale ambiri amachira popanda opaleshoni.

Mphindi 10 m'mawa ndi 10 madzulo, tsiku ndi tsiku, zimaposa ola lathunthu Lamlungu lokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kuti muone ngati mukupita patsogolo, musamangoyang'ana ululu. Dzifunseni: kodi tsopano ndikusoka nthawi yaitali bwanji ndisanadzuke? Kodi ndikudzuka kangati usiku?

Nanga jakisoni wogonetsa mtsempha ndi wotani?

Si jakisoni wa m'thako uja timabayitsa thupi likaphwanya. Wa m'thako amalowa m'magazi n'kuyenda thupi lonse. Uyu, amene madokotala amati nerve block, amathira mankhwala ochepa pambali penipeni pa mtsempha umene ukuganiziridwa kuti ndiwo wolakwa. Mankhwala ake ndi ochititsa dzanzi, a mtundu umene amabaya pozula dzino kapena posoka bala: lignocaine, amene amagwira ola limodzi kapena awiri, kapena bupivacaine, amene amakhalitsa maola angapo. Nthawi zambiri amasakanizako steroid wochepetsa kutupa, amene amayamba kugwira pakapita masiku awiri kapena atatu.

Njirayi si yatsopano. Madokotala a ku New York, Wertheim ndi Rovenstine, anafotokoza za kugonetsa suprascapular nerve mu 1941. Chasintha n'chakuti masiku ano obaya ambiri amagwiritsa ntchito sikani ya ultrasound kuti aziona singano pamene ikulowa. Wodwala amakhala pampando kapena kugona, pamalopo amapatsuka ndi mankhwala, ndipo zonse zimatha m'mphindi zochepa. Amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Jakisoniyu ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kufunsa funso: ululu ukazimiririka mtsempha umenewu utagonetsedwa, ndiye kuti wolakwa wapezeka; ukapanda kusintha, dokotala amakafufuza kwina. Yachiwiri ndi kupereka mpumulo.

Ndiye ndikabayitsa ndachira?

Kuno kwathu jakisoni timamupatsa ulemu waukulu. Munthu akabwera kuchipatala ndi mapiritsi okha amaona ngati sanathandizidwe. Koma jakisoniyu amatonthoza mtsempha, sachotsa chimene chikuufinya. Kafukufuku wina wa ku Australia wa mu 2003, wa odwala nyamakazi ya m'phewa, anapeza kuti obayidwa pa suprascapular nerve ankamvabe bwino pofika masabata 12 kuposa amene anabayidwa madzi chabe. Masabata ndi miyezi, osati moyo wonse. Ena mpumulo wawo umakhala waufupi kuposa apo.

Phindu lenileni lili pa mmene mwagwiritsira ntchito nthawi imeneyo. Munthu amene ululu unkamulepheretsa kugona ndi kukweza mkono tsopano angathe kuchita mafizo bwinobwino. Amene wabayitsa Lachisanu, Lolemba n'kubwerera kukasenza matumba phewa lomwe lija chifukwa sakumvanso kuwawa, wangotseka pakamwa pa mlonda uku mbava ili m'nyumba. Jakisoni ndi wa amene mafizo akumukanika chifukwa cha ululu, kapena amene dokotala akufuna kutsimikiza gwero la vuto lake. Si aliyense amene amamufuna.

Kodi pali choopsa?

M'manja mwa wodziwa, zovuta zazikulu sizichitikachitika. Zofala ndi kuwawa pobayidwapo, chizungulire cha kanthawi ndi kulemera kwa mkono kwa maola angapo, choncho musayendetse galimoto kapena njinga tsiku limenelo. Koma pansi pa fupa la phewa pali nthiti, ndipo pansi pa nthiti pali mapapo. Singano ikalowa mopitirira ingaboole chikuta cha mapapo. Mukamva befu kapena chilaso pachifuwa mutabayidwa, bwererani msanga. Chitaninso chimodzimodzi pamalopo pakatupa, kufiira ndi kutentha.

Musanabayidwe nenani zonse. Steroid amakweza shuga kwa masiku angapo. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin angachititse kukha magazi m'kati. Ma ARV okhala ndi ritonavir amachititsa kuti steroid ena akhalitse m'thupi mpaka kudwalitsa, choncho tchulani mankhwala amene mukumwa popanda manyazi. Nenaninso ngati muli oyembekezera kapena munadwalapo chifukwa cha jakisoni wa dzanzi. Steroid sabayidwa pafupipafupi pamalo amodzi. Madokotala ambiri sapitirira katatu kapena kanayi pachaka.

Chachikulu: uyu si jakisoni wobayitsa kuseri kwa golosale kapena kwa mnansi amene "anagwirako kuchipatala". Ngakhale jakisoni wamba wa m'thako, akabayidwa pamalo olakwika, amatha kuvulaza mtsempha wa mwendo mpaka munthu kumakoka phazi.

Bwanji za mapiritsi, kuthowa, mphini ndi kupondetsa mwana pamsana?

Panado amathandiza pang'ono ndipo savuta mukatsata muyezo. Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumakweza BP ndi kuwononga impso. Kuphatikiza awiri mwa amenewa sikuwonjezera mphamvu, kumangowonjezera ngozi. Pa ululu wootcha wa mtsempha, adokotala nthawi zina amalemba amitriptyline wochepa womwa usiku. Ameneyu ndi wolembedwa ndi dokotala, si wobwerekana.

Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda kwa mphindi 15 musanayambe mafizo n'kwabwino. Madziwo muyambe mwawayesa ndi dzanja, chifukwa khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Kusisita mofatsa kumamasula minofu. Mphini sizifika pamene pali mtsempha, ndipo lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Kupondetsa mwana pamsana kapena kupotokola khosi kuti lilire n'koopsa, makamaka ngati fupa la msana ladyeka ndi TB mwini wake asakudziwa.

Opaleshoni imafunika liti?

Kwa ochepa. Imaganiziridwa ngati sikani yaonetsa chotupa chofinya mtsempha, ngati mtsempha unadulidwa pangozi kapena pa opaleshoni ina, ngati mnofu ukuphwa mofulumira, kapena ngati mafizo ochitidwa mokhulupirika kwa miyezi pafupifupi 6 sanasinthe kanthu. Dokotala amatsegula kanjira kothinako kapena kuchotsa chotupacho. Mtsempha wodulidwa sufuna kudikira, chifukwa mnofu ukakhala nthawi yaitali wopanda uthenga subwereranso mwakale. Ndipo opaleshoni ikatha, wodwala amabwereranso ku mafizo.

Kuno ku Lilongwe ndipite kuti?

Yambirani pafupi: chipatala cha Kawale, cha Area 25, cha Area 18 kapena ku Bwaila. Tengani buku lanu la kuchipatala. Kumeneko adzayamba aona ngati si mtima, mapapo kapena TB, n'kukutumizani patsogolo pakafunika. Ku Kamuzu Central Hospital kuli nthambi ya mafizo, ndipo pamalo omwewo pali chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, chodziwika kuti LION, chimene chinamangidwa mothandizana ndi abwenzi a ku Norway. Za jakisoni wogonetsa mtsempha mukafunse madokotala a mafupa kapena ogonetsa odwala pa opaleshoni m'zipatala zazikulu ngati zimenezi.

Akatswiri a mafizo akadali ochepa m'dziko muno, koma akuchuluka. Sukulu ya College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 2010. Bungwe la MAP, limene linayamba ndi ntchito yothandiza opuwala ndi poliyo, lakhala likuchita mafizo kwa zaka zambiri. Mukasankha kupita kolipira, funsani ngati wokuthandizaniyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Wosisita thupi ndi katswiri wa mafizo si munthu mmodzi.

Pofotokoza musangoti "thupi lonse likuphwanya". Lozani pamalopo ndi chala. Nenani kuti ululu unayamba liti, umamveka bwanji, ndi ntchito iti imene yayamba kukukanikani. Poti maulendo a kuchipatala amadya ndalama ya minibasi, pemphani wa mafizo akulembereni kapena kukujambulirani zochita m'buku mwanu, kapena wina akujambuleni pa foni pamene akukuonetsani.

Sindingasiye ntchito, ana adya chiyani?

Palibe akukuuzani kuti musiye. Kugona osachita kanthu kumangowonjezera kufooka ndi kuuma kwa phewa. Chofunika n'kusintha kagwiridwe. Telala ayeze mpando wake ndi tebulo la makina kuti asamawerame, asokere pamalo owala, ndipo mphindi 30 zilizonse awongoke, abweze chibwano ndi kukumanitsa mapewa. Wosankha mtedza aike lichero pamalo okwera m'malo mwa pansi. Wakabaza akweze mahandulo pang'ono, ndipo podikira kasitomala pa siteji achite mafizo ake. Wotunga madzi achepetse muyezo kwa masabata angapo, apeze womusenzetsa ndi womutula, ndipo amuna ndi anyamata a pakhomo agwireko zigubu. Wonyamula matumba asinthanitse mapewa kapena abwereke wilibala. Makaniko ndi womanga akwere pa chinthu kuti ntchito ikhale pachifuwa, osati pamwamba pa mutu. Usiku gonerani mbali yabwinoyo mutakumbatira pilo.

Ngati kamalo kanu kakuotcha kwa masabata oposa awiri kapena atatu, kapena mkono wayamba kufooka, lekani kukanikiza kukhoma ndi kuwonjezera mapiritsi. Kapimitseni. Akakupatsani mafizo musanyoze poti sanakubayeni, ndipo akakubayani musataye mphira uja: ululu ukangotsika, tsiku lomwe adokotala akulolani, yambani kukoka.